Foni Yowoloka Malire Yokha

A Mathias a ku Kobwe, ku Mozambique, anabwerako ku Malawi nkhondo itatha, ndipo sanakapondekonso. Koma tsiku lina akusoka ukonde pakhonde pawo, kredito imene anaika m'foni dzulo lake inatha psiti. Foniyo inali itadzigwirira yokha netiweki ya ku Likoma, patsidya pomwepa.

Anakwera chulu cha kuseri kwa tchalitchi, pamalo pokhapo pogwira netiweki ya Mozambique, n'kuimbira kampani. Akampaniwo anawaikira nyimbo mpaka miyendo inachita dzanzi.

"Munali kunja kwa dziko, bambo," anatero mtsikana wa kampaniyo mwaulemu. "Muzithimitsa intaneti musanawoloke malire."

"Malire ake ati, mwanawe? Ndinali pakhonde panga."

"Tamva, bambo. Takulandiraninso ku Mozambique," anatero, n'kudula foni.