Mkwiyo Wochedwa wa a Ambrosi

Ku Bangwe kunalibe munthu amene anawaonapo a Ambrosi atakwiya. Anali a ku Nsanje, aatali, olankhula motsitsa ngati ali m'tchalitchi. Ali mnyamata analowako ku seminale, unsembe n'kuwakanika, koma anabwerako ndi chiphunzitso cha anzeru ena akale a ku Girisi ndi ku Roma otchedwa Asitoiki. Anzeruwo ankati mkwiyo umalanda munthu nzeru ngati kachasu, choncho munthu azilimbana ndi zimene zili m'manja mwake, zinazo azizisiya zidutse. A Ambrosi anachigwira chiphunzitsochi kuposa katekisimu.

Mnzawo wapamtima anali a Ahmadi, telala wotsimphina amene ankasoka pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika. Awiriwa anadziwana mu 1992 akugwira ntchito pafakitale imodzi, ndipo anayendera limodzi m'misewu pamene anthu ogwira ntchito anaukira boma la chipani chimodzi. Chipolopolo chinawapeza a Ahmadi pabondo. Kuyambira pamenepo mtsutso wawo unali umodzimodzi.

"Ufulu mukudyawu unabwera ndi mkwiyo, achimwene," ankatero a Ahmadi akupalasa makina. "Bambo anga anamangidwa ndi atsamunda chifukwa anakwiya. Bondo langali linapita chifukwa tinakwiya. Tikanafatsa ngati inu, bwenzi tikugulabe makhadi a chipani."

"Mkwiyo unatipatsa maliro," ankayankha a Ambrosi. "Ufulu unabwera tsiku limene tinaima pamzere mwakachetechete n'kuvota."

"Nanga pamzerepo anatiimika ndani?"

Ankaseka, n'kugawana chinangwa chootcha.

Kenako kuseri kwa phiri kunabwera kampani yophwanya miyala. Masana aliwonse sailini inkalira, kenako bomba, nthaka n'kunjenjemera mpaka mbale kugwa pathandala. Fumbi loyera linkatera pazovala zoyanika ndi m'madzi akumwa. Nyumba zapafupi ndi phirilo zinayamba kuchita ming'alu, ndipo imodzi mwa izo inali ya Petronela, mwana yekhayo wa a Ambrosi, amene ankaphunzitsa pasukulu ya mkaka. Mng'alu wa kuchipinda kwake unkalowa dzanja.

Petronela sanatengere bambo ake. Ndiye anayenda khomo ndi khomo kumema anthu kuti akumane pabwalo la mpira, ndipo anthu anabweradi, amayi ndi ana kumsana, anyamata atakunkhuniza matayala akale. Anagwirizana zotseka msewu wa magalimoto a kampaniyo mpaka mabomba atasiya. Ena ankati angotentha makina a kampaniyo.

Apo ndi pamene a Ambrosi anaimirira. Sanakweze mawu, koma bwalo lonse linatchera khutu, pakuti anali mkulu wa mpingo ndipo anali atayanjanitsa mabanja ambiri.

"Ine ndinaonapo anthu okwiya akuthamangira mfuti," anatero. "Amene anagwa tsiku limenelo mayina awo mukuwadziwa? Chilungamo chili kumbali yathu. Tisachidetse ndi moto. Tipite ngati anthu, tikalankhule."

Anthu anamvera. Anyamata anabweza matayala aja akung'ung'udza. Pobwerera kunyumba Petronela anayenda patsogolo osacheuka, ndipo atafika pachipata anati, "Ababa, munthu akakupondani mwangozi mumamukhululukira. Awatu akudziwa pamene pali phazi lathu."

"Mtima pansi, mwanawe. Zimene iwo akuchita sizili m'manja mwako. Mtima wako ndiwo uli m'manja mwako."

"Khoma langa lili m'manja mwa ndani?"

A Ambrosi anatsogolera akuluakulu angapo ku ofesi ya kampaniyo. Bwana wake anawalandira bwino, anawapatsa mipando yawofuwofu ndi zakumwa zozizira, n'kulonjeza kuti atumiza injiniya. Injiniyayo anabweradi, anajambula ming'alu ndi foni, n'kunena kuti vuto ndi njerwa zosapsa. Ulendo wachiwiri anauzidwa kuti bwana ali ku Lilongwe. Wachitatu anathera pageti. A Ambrosi ankabwerako nkhope ili yosalala, n'kumauza anthu kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mvula ya mu Januwale inanyowetsa makoma. Tsiku lina Loweruka masana Petronela ankasita zovala m'chipinda pamene bomba linaphulika, khoma lonse n'kumugwera. Anansi anamufukula ndi makasu ndi manja akupumabe, koma anatsirizikira mu minibasi akuthamangira naye kuchipatala, asanafike n'komwe ku Limbe.

Pamaliro kampani inatumiza nkhuni ndi lole. Mthenga wake, atavala tayi, anagwira dzanja la a Ambrosi ndi manja awiri, nati bwana akuthokoza chifukwa cha mtima wawo wamtendere. Kuseri kwa nyumba anyamata anali atabweretsa kale petulo m'chigubu. Onse ankayang'ana a Ambrosi. A Ahmadi anawatsimphinira pafupi n'kuwanong'oneza.

"Achimwene, nenani liwu limodzi lokha. Ngakhale kungogwedeza mutu."

A Ambrosi anaufunafuna mkwiyo mumtima mwawo, anaufunadi, koma anangopezamo kuzizira. Anali atauthira madzi kwa zaka zambiri moti pa tsiku limene ankaufuna panalibe ngakhale khala.

"Tiyeni tikamuike mwanayu," anatero.

Bokosi la Petronela linapita kumanda pa lole ya kampani ija, chifukwa panalibe galimoto ina.

Mkwiyo unabwera mvula itatha, anthu ataiwala kale zopepesa. A Ambrosi ankamwa tiyi pakhonde pamene sailini inalira, ndipo anangozindikira kuti kapu aimenyetsa kukhoma, kukhosi kukutuluka mawu amene iwo eni sankawadziwa. Anavala nsapato osamanga zingwe n'kuyamba kugogoda m'makomo.

"Tiyeni tikatseke msewu! Lero lomwe!"

Koma nyumba zambiri zinali zitatsekedwa, eni ake atasamukira ku Machinjiri ndi ku Chilomoni. Anyamata ena anali atalembedwa ganyu yosenza miyala kukampani komweko. Mayi wina amene ankatsuka mbale sanadzuke n'komwe.

"Si inu munatiuza kuti tidekhe, abambo? Tadekhatu."

A Ahmadi okha ndiwo anavundikira makina awo ndi nsalu, natenga ndodo. Sananene kuti ndinakuuzani. Anakwera chitunda pang'onopang'ono, n'kukaima awiriwiri pakati pa msewu wafumbi, nkhalamba ziwiri zitagwirana mikono. Lole yoyamba inaima n'kuliza hutala. A Ambrosi anaikalipira, anatchula dzina la mwana wawo mobwerezabwereza, anamenya bampala ndi zibakera mpaka zala kuchucha magazi. Dalaivala anangotsegula wailesi.

Alonda a kampani anabwera anayi. Sanawamenye. Anawanyamula mwaulemu, wina kumiyendo wina kumapewa, akuti pepani madala, n'kukawakhazika m'mbali mwa msewu pansi pa bulugamu. Malole anadutsa motsatizana, fumbi n'kuwakuta. Ana asukulu amene ankaweruka anaima kuonerera, wina n'kuwajambula ndi foni, anzake akuseka.

A Ambrosi anabwerako mawa lake, ndi mkuja wake, ali okha chifukwa mwendo wa a Ahmadi unali utatupa. Alonda anazolowera, ankangowaika pambali ngati thumba. Kutchalitchi anawapumitsa ukulu wa mpingo atakalipira wansembe pakati pa ulaliki wa kukhululuka. Tulo tinawathawa, chakudya chinawakanika, ndipo ana amene kale ankawathamangira anayamba kuwalambalala.

M'mwezi wa Juni mlongo wawo Bernadeta anabwera kuchokera ku Nsanje kudzawatenga. Nyumba sanaigulitse, pakuti panalibe woifuna. A Ahmadi anawaperekeza pa kabaza mpaka ku depoti ya ku Limbe. Anakhala pabenchi kudikira kuti basi idzaze, makondakitala akukuwa mayina a malo. Basi itadzaza a Ambrosi anakwera, Bernadeta anawakhazika pawindo n'kuwafunditsa chitenje m'miyendo. A Ahmadi anakweza dzanja, koma anzawowo ankayang'ana kumsana kwa mpando wakutsogolo, milomo ikugwedezeka yokha.