Wonga pa Kapinga

Jolene ankatsuka mbale za pamaliro a bambo ake imodziimodzi, mosafulumira. Amayi a kutchalitchi anakhala akubweretsa chakudya kwa masiku anayi, ndipo mbale iliyonse inali ndi katepi pansi pake, polembedwa dzina la mwini wake kuti idzabwerere kwawo. Akatsuka ankaitembenuza, n'kuwerenga dzinalo, kenako n'kuiika pamulu wake.

"Iwe, mbale imodzi yomweyo ukuisambitsa ngati khanda?" anatero Kurt, mchimwene wake wamkulu, ataima pakhomo la khitchini foni ili m'manja. "A Vern afika posachedwapa. Ndawauza atenge zonse za m'galaja. Makina, sikelo, wonga, mfuti. Apereke zimene angathe."

Mayi awo, a Marlys, anali patebulo atafumbata kapu ya khofi amene anazizira kalekale.

"Ndi mfuti yomwe?"

"Nanga muziombera chiyani, Amayi? Makoswe?" Kurt anaseka yekha, kenako anafewetsa mawu. "Ine mawa ndikubwerera ku Billings. Sindingakusiyeni ndi zitini za wonga kuseri kwa khoma la chipinda chanu. Ndiye zipolopolo zimene Abambo anadzaza chaka chino zija, mukudziwa mmene mutu wawo unalili. Chimodzi chokha chikhoza kum'dula munthu dzanja."

Jolene anatembenuza mbale ina. Pakatepi panalembedwa kuti Mayi Lindahl.

Bambo awo, a Orrin Bakke, sanagulepo chipolopolo kusitolo chibadwire Jolene. Ankati mtengo wake ndi wa anthu osaka nyanga zopachika pakhoma, osati osaka ndiwo. Iwo ankatola zigoba zamkuwa za zipolopolo zoombedwa kale, zawo ndi zimene alenje ena ataya m'tchire, n'kuzitsuka, n'kuthiramo wonga, n'kuikapo mitu yatsopano. Makina odzazira zipolopolo anagula akale, motchipa, pamene ana a mlimi wina ankagulitsa katundu wa malemu bambo awo. Chaka chilichonse mbawala ziwiri zinkalowa m'filiji yaikulu, ndipo banja linkadya mpaka chisanu kutha. Tsopano m'filijimo munatsala timapaketi titatu, ndipo nyengo yosaka inali itatsala masabata awiri kuti itsegulidwe.

Kurt anaphunzitsidwa ntchitoyo ali mnyamata, koma inamutopetsa. Jolene sanaphunzitsidwe. Ankangokhala pa ndowa yovundikira n'kumaonerera, kuyambira ali mwana mpaka atayamba ntchito kusitolo ya zakudya za ziweto. Sanapemphepo kuti agwireko, ndipo bambo ake sanamuitanepo. Awiriwa ankatha kuswera m'chipinda chimodzi tsiku lonse atangonena mawu atatu.

Kenako a Orrin anayamba kuiwalaiwala. Makiyi ankapezeka m'filiji. Ankaitana galu amene anafa kalekale. Mu Ogasiti a Marlys anawapeza kuseri kwa galaja akuwaza wonga pa kapinga ngati akufesa mbewu, ndipo atawafunsa anangoti, "Ndikudyetsa udzu." Tsiku lomwelo a Marlys anaimbira Kurt akulira. Koma chimene chinawatenga a Orrin ndi matenda a mtima, sabata yapitayo, ali pampando wawo.

A Vern Skogen anafika pa pikapu yawo yotsokomola. Anali mnansi, ndipo anasaka limodzi ndi malemuwo zaka makumi atatu. Anavula chipewa, anakana khofi kawiri, kachitatu n'kulandira. Kenako onse anayi analowa m'galaja, mmene munkanunkhira mafuta ndi mkuwa.

A Vern anakoka chogwirira cha makina aja, n'kuchibweza, akumvetsera.

"Makinawa ndi okalamba kuposa ine," anatero, "koma mawondo awo akadali bwino kuposa anga."

Kurt analoza mabokosi khumi ndi awiri pashelefu, lililonse lili ndi tepi yolembedwa tsiku. "Zipolopolozo tengani ulere."

"Iyayi, mwana wanga. Chipolopolo chodzaza munthu wina ine sindiombera, ngakhale cha Orrin. Nayenso changa sanachiikepo m'mfuti yake, ankati ndimayeza ngati ndikuthira shuga. Aliyense amaomba chake, akalakwitsa chala choduka chikhale chake. Ndizitenga, koma ndikaziphwasula. Zigoba zokha ndizo zili ndi ntchito."

Ananyamula bokosi limodzi, n'kuima. Analigwedeza pafupi ndi khutu.

"Lapepuka bwanji?"

Atalitsegula munali zigoba zowala, zitaima m'mizere yake, zopanda mitu, zopanda wonga. Anatsegula lachiwiri, lachitatu. Kurt anatsitsa otsalawo n'kumatsegula mwachangu. Onse anali chimodzimodzi. Pansi pa tebulo panali chitini cha khofi chodzaza mitu yokhayokha.

"Kabuku kake kali kuti?" anafunsa a Vern. "Orrin sankayetsemula osalemba."

Jolene anapisa dzanja kuseri kwa chitini cha misomali n'kukatulutsa. A Vern anali ataiwala magalasi, ndiye anakapereka kwa Kurt, amene anatsegula tsamba lomaliza n'kuwerenga mokweza.

"Ogasiti 14. Sindikukumbukira kuti wonga ndinatapa m'chitini chiti. Za Julaye nazonso sindikuzikhulupirira. Ndaphwasula zonse. Wonga pa kapinga. Ndasiya."

Kurt anatseka kabukuko.

"Ndi mmene timachitira," anatero a Vern motsitsa mawu. "Wonga wosaudziwa subwerera m'chitini. Umauwaza pa udzu n'kuthira madzi, umasanduka manyowa. Koma kuphwasula zonsezi, chimodzichimodzi, ndi manja ake onjenjemera aja! Pamenepa panapita masiku atatu."

A Marlys anatsegula chitseko cha kuseri n'kuima pakhomo. Kapinga yense anali atauma ndi kuzizira kwa Okutobala, koma pafupi ndi mpanda panali kachigawo kobiriwira kwambiri, kukula kwake ngati tebulo.

"Tsiku limenelo ndinawalanda makiyi a galimoto," anatero osatembenuka. "Ndinkayesa mutu wathera pomwepo. Anangondipatsa, osanena kanthu."

Kurt anamina, n'kunena kuti m'galajamo muli fumbi. Anaika kabuku patebulo mosamala, n'kukakankhira pang'ono kuti kawongoke.

"Chabwino," anatero. "Komabe zinthuzi zingokhala apa n'kuchita dzimbiri. Palibe wozigwiritsa ntchito. A Vern, tchulani mtengo."

A Vern anakanda m'mutu. Patebulo panali masikelo awiri oyezera wonga. Ina inali yamagetsi, imene Kurt anagulira bambo ake pa Khirisimasi, ikadali m'katoni mwake. Ina inali yakale, ya kamtanda kachitsulo ndi kambale kakang'ono, utoto wake utasupuka pamene chala chinkagwira. Jolene anainyamula yakaleyo kuti aipukute fumbi, ndipo manja ake, atazolowera ntchito ya m'mawa uja, anaitembenuza okha.

Pansi pake panali katepi. Sikanali kachikasu ngati matepi ena a m'galajamo, kanali koyera, katsopano. Zilembo zake zinali zokhotakhota, ndipo cholembera chinadutsa kawiri pa chilembo chomaliza. JOLENE.

Anayang'ana nthawi yokwana kupuma kawiri. Kenako anaibweza patebulo, dzina lili pansi, osaonetsa munthu.

"Achimwene," anatero Jolene.

Onse atatu anamuyang'ana.

"Sikelo yamagetsiyo gulitsani, ndi yanu, sanaitsegule n'komwe. Zinazi ayi."

"Iwe?" anatero Kurt. "Sunagwirepo ngakhale chigoba chimodzi."

"Ndakhala pa ndowa iyo zaka khumi ndi zisanu. Ndikudziwa zimene ankayamba ndi zimene ankamalizira. Zigoba zilipo, mitu ilipo, chogula n'chochepa. Ndiyamba ndi makumi awiri okha, ndiyeza ndekha, ndiomba ndekha. Zimene sindikudziwa a Vern andionetsa Loweruka, ngati angalole."

"Ine ndingoyang'ana, manja m'thumba," anatero a Vern. "Koma khofi aphike wina, osati mchimwene wakoyu."

Kurt sanaseke. Anayang'ana mayi ake, koma iwo maso anali akadali pa kapinga. Anayang'ananso mlongo wake, ngati munthu amene wangomuona kumene.

"Abambo anakuuza zimenezi? Anati utenge?"

Jolene anaika dzanja pamwamba pa sikelo ija.

"Sanandiuze," anatero. "Ndikunena ndine."