Laputopu ya Zitseko Ziwiri

Kamphepo anamupatsa mpando koma sanakhale. Ankangozungulira m'kashopu ka wokonza makompyuta, khanda kumsana, uku akulumpha mawaya amene anali mbwee pansi. Dzinali anamupatsa ndi apongozi ake ataona kuti sakhazikika, ndipo tsiku limeneli linkamuyenera zedi.

Ntchito yake inali yopanga malebulo. Amayi ogulitsa sopo, jamu ndi mafuta odzola ankabwera ndi mabotolo opanda dzina, iye n'kuwajambulira timapepala tomata. Sukulu anailekeza atatenga mimba ya Dodo, koma mitundu ndi zilembo anaziphunzira yekha pa laputopu. Vuto linali loti laputopuyo inali ya banja lonse. Bambo a Dodo ankaonerapo mpira ndi mafilimu, Dodo ankaonerapo makatuni. M'mawa umenewo Kamphepo anapeza malebulo a mayi wa sopo kulibe. Mwamuna wake, pofuna malo a filimu yatsopano, anafufuta zimene iye ankaona ngati zinyalala. Aka sikanali koyamba.

"Mwana wanga," anatero mayi wa sopo pa foni, "mawa ndikapanda kuwalandira ndipita kwina. Sopo wanga sangamayende maliseche pamsika."

Wokonza makompyutayo anafufuza kwa nthawi, kenako anapukusa mutu. "Pepani mayi, apita. Filimu ija yakhala pamwamba pake. Bwanji osaika pasiwedi?"

"Ndinaika, achimwene. Bambo a Dodo anati, 'Zobisa za chiyani m'banja? Muli chibwenzi m'menemo?' Anatupa ngati buledi mpaka ndinawauza. Ukakiya chitseko m'nyumba mwanga, ndiye kuti wayamba mlandu."

Munthuyo anaseka. "Ndiye mukufuna chiyani?"

"Alamu anga ojambula makanema akuti ntchito yaluso imafuna Mac. Aneba akuti Windows ndiye ya pakhomo. Inu munandiuzapo za Linux. Aliyense akuyamikira yake ngati mwana wobereka yekha. Ndionetseni zonse."

Anamuyatsira makompyuta atatu patebulo. Nthawi yomweyo khanda linayamba kulira. Kamphepo analikokera kutsogolo, n'kulipatsa bere, dzanja lamanzere litaligwira.

"Malizani kaye kuyamwitsa," anatero wokonzayo.

"Ayi, ntchito ndimagwira chonchi. Chimene chifuna manja awiri si changa."

Anayamba ndi Mac. Chala chinkangotsetsereka, ndipo chikasu chake chinali chikasu chenicheni, ngati dzira loswa kumene. Mtima wake unapita. Anaona m'maganizo malebulo ake akuwala pashelefu ya sitolo yaikulu. Koma atamva kuti imeneyi imabwera ndi makina akeake, ndiponso mtengo wake, anachotsa dzanja msanga ngati wakhudza mbaula.

"Ngakhale nditaipeza," anadziyankhulira, "chinthu chokongola chonchi bambo a Dodo angachisiye? Mpira udzasamukira momwemu."

Pa Windows sanachedwepo. Dzanja linkadziwa njira lokha, monga mmene mwendo umadziwira khomo la kwawo. Zonse zimene ankafuna zinalimo. Koma Dodo, mwana wa ku mkaka, ankaidziwanso chimodzimodzi.

Pa Linux anaima. Mabatani anali malo ena, ndipo pulogalamu yake yojambulira munalibe.

"Muli ina yaulere, imagwira bwino," anatero wokonzayo. "Koma muyenera kuiphunzira."

 Mawu oti kuphunzira anamukumbutsa bolodi ya kusukulu, ndi anzake akumuyang'ana yunifolomu itayamba kuthina. Anayenda mpaka pakhomo, n'kubwerera, n'kupitanso. Kenako anaimbira mwamuna wake.

"Linux?" anakuwa bambo a Dodo. "Ndinaionapo kwa mnzanga. Zinthu zopweteketsa mutu zimenezo! Ine sindingaikhudze ngakhale ndi ndodo. Usandichotsere Windows yanga, wamva?"

Kamphepo anadula foni pang'onopang'ono. Anayang'ana kompyuta yachitatu ija ndi maso ena.

"Achimwene, ziwirizi zingakhale m'laputopu imodzi?"

"Zimakhala. Ngati nyumba ya zitseko ziwiri. Mukayatsa imakufunsani kuti mulowera kuti."

"Zinthu zanga za mbali inayo, wolowera khomo lakale azidzaziona?"

"Sazidzaziona."

"Nanga pulinta yanga zidzamvana?"

"Zambiri zimamvana."

"Zambiri si yanga." Anabereka khanda, n'kutuluka. Posakhalitsa anabwera ali wefuwefu, pulinta pamutu, chingwe chake chikulendewera paphewa. Sanachoke mpaka ataona pepala loyesera likutuluka.

"Pasiwedi yake tiike chiyani?" anafunsa wokonzayo.

"Ikani dzina la bambo a Dodo. Ndipo izilowa yokha, isamafunse."

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Anaika laputopu patebulo la pabalaza n'kuyatsa. Panatuluka mizere iwiri yoyera pamdima, wa Windows ndi wa Linux, ikudikira. Kamphepo anaiyang'ana kanthawi. M'nyumba imeneyo munalibe chinthu china chimene chinkamufunsa kumene akufuna kupita. Anasankha mzere wake.

Zinavuta. Chida chojambulira mzere anachisaka mpaka thukuta linatsika m'khosi. Tsamba la ndimu la pa lebulo ya sopo linkatuluka ngati khutu la mbuzi. Anadzuka kukayang'ana madzi pamoto, anabwera, anadzukanso kukaanula matewera. Mtima unkamuuza kuti bwerera khomo lakale, kumene ukanamaliza kalekale, ndipo chala chinafika mpaka pa batani lozimitsira.

Bambo a Dodo analowa, n'kusuzumira paphewa pake. "Ndiye zimenezi? Nanga mpira wanga?"

"Uli mbali inayo, sindinaukhudze. Kunonso n'kosakiya, bambo a Dodo. Khalani pano muone."

Mwamunayo anayang'ana mabatani achilendowo, nkhope itakwinyika ngati walawa mankhwala. "Aaa, ine ayi. Ukamaliza undiyatsire kwanga."

Dodo naye anakwera pampando, anasakasaka makatuni ake ndi maso, n'kutsetsereka kupita kukasewera panja.

Kamphepo anachotsa chala pa batani paja. Anakoka mzere wina, unapindika molakwika. Anafufuta, n'kukokanso. Ulendo uno tsamba linayamba kufanana ndi tsamba. Khanda linagona bere lili m'kamwa, ndipo iye sanalisunthe.

Pulinta itayamba kukoka pepala, bambo a Dodo anaitana ali kukhitchini. "Amayi a Dodo, madzi aja aphwera! Uli bwino koma? Sindikumva mapazi ako."

 Lebulo yoyamba inali kutuluka, yofunda, tsamba lake lopendekera pang'ono kumanzere. Miyendo ya Kamphepo inali phee pansi pa tebulo.