Ndinanena Chigoli Chisanalowe

Achimwene anga a Manase amaonera mpira ndi thupi lonse. Amathamanga m'mbali mwa bwalo, amaponya mwendo m'mwamba ngati akusewera ndi iwo, ndipo timu yathu ya ku Uliwa ikagonja, tsiku limenelo sadya. Ine ndimangoima pamodzi, manja m'thumba. Pamene pali mpira sindiyang'anapo kwambiri. Ndimayang'ana osewera amene alibe mpira, kumene aima ndi mpata umene asiya. Zimene ndimaona ndinkazisunga mumtima, mpaka Lamlungu limene tinasewera ndi anyamata a ku Ngara.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, ndinaona kuti Allan, wotchinga kumbuyo wathu wa kumanzere, akutembenuka movutika. Bondo linkamupweteka koma ankabisa. A ku Ngara anali ataziona, chifukwa mipira yonse ankaiponyera mbali yake.

"Atichinya kudzera kwa Allan," ndinawauza achimwene chapansipansi. "Posachedwapa."

"Tseka pakamwa, iwe Khumbize," anatero osandiyang'ana.

Sipanapite nthawi. Mnyamata wa ku Ngara anamudutsa Allan ngati akudutsa chitsa, mpira n'kulowa.

Kumbuyo kwathu kunali a Lyson, amene amaimba ng'oma ya masapota. Ng'oma inaleka. Ndinamva dzanja lolemera pakhosi.

"Wamanya wuli?" anandifunsa m'Chitumbuka, kufuna kumva kuti ndadziwa bwanji. Kenako anakuwa kuti onse amve: "Mwana uyu wanena chigoli chisanalowe! Ndamva ndi makutu angawa!"

Anthu anasiya kuyang'ana m'bwalo. Kuyambira m'mawa anyamata ankalondera magolo kuti alendo asakwirirepo mankhwala, ndipo anathirapo madzi a mchere. Panalibe wa ku Ngara amene anayandikira. Ndiye ngati timu yamangidwa, woimanga anali pakati pathu pomwepo.

"Mayi ake si a ku Ngara kodi?" anatero mayi wina wogulitsa mandasi.

Ndinafuna kunena za bondo. Koma pamaso pa anthu atatu okha mawu amandithawa kale, ndipo apa panali khamu. Wina kumbuyo anatchula ufiti. Ndinakumbukira nyumba ina ya kufupi ndi kwathu imene inatsala makoma okhaokha chifukwa cha liwu limenelo.

"Musiyeni, a Lyson, ndi mwana wa sukulu uyu, amangoganiza zambiri," anatero achimwene. Koma ndinawaona m'maso. Nawonso ankadzifunsa.

"Wamanga ndiwe, umasulenso ndiwe," anatero a Lyson, zala zikulowa m'khosi mwanga. "Nena. Tibweza bwanji?"

Ndinayang'ana m'bwalo chifukwa kwina koyang'ana kunalibe. Goloboyi wa ku Ngara anali wamfupi, ndipo pa kona iliyonse ankatuluka kuthamangira mpira, kusiya mtengo wakutali wa golo wopanda munthu.

"Pa kona," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mwana. "Jeffrey ndi wamtali. Akaime kumtengo wakutali."

Uthenga unathamanga pakamwa ndi pakamwa mpaka unamupeza Jeffrey. Apa m'pamene ndinazindikira chimene ndachita. Jeffrey akaphonya, adzati ndakana kumasula. Akagoletsa, ndani adzakhulupirire kuti ndinangoona ndi maso?

Kona inabwera mpira utatsala pang'ono kutha. Anthu ena ankayang'ana Jeffrey, ena ine. Ndinafuna kupemphera koma sindinadziwe chopempha. Goloboyi anatuluka, mpira unamudutsa pamwamba, Jeffrey n'kuugunda ndi mutu.

Phokoso lake sindingalifotokoze. Anthu omwe aja anandinyamula m'mwamba, akuimba dzina langa. Nsapato imodzi inagwa. Mayi wa mandasi anandiikira awiri m'manja, koma anasamala kuti zala zake zisandikhudze. Ndili m'mwambamo ndinaona achimwene akulumpha, misozi ili m'masaya, akuuza aliyense kuti, "Mng'ono wanga ameneyo!"

Atanditsitsa ndinawakokera pambali.

"Achimwene, linali bondo la Allan. Aliyense akanatha kuona."

"Eya, eya," anatero akuseka, akundisisita mutu. "Usaope. Sindiwauza amayi."

A Lyson anabwera atakoleka ng'oma paphewa. Tsopano ankamwetulira.

"Loweruka tikupita ku Sangilo, mphwanga. Ukhala kutsogolo m'lole, ndipo tikafika ukakhala kuseri kwa golo." Anawerama mpaka ndinamva mpweya wawo kukhutu. "Tikakagonja, tidzadziwa kuti wakana dala."

Anyamata a ku Sangilo ndinawaonapo akusewera chaka chino. Ndinawayang'anitsitsa masana onse, kufunafuna mpata umene amasiya. Sindinaupeze.