Apongozi a ku Makhanga Akana Mbale

A Ignasio anafika ku Bangwe mwezi wa Epulo atanyamula kajumbo ka zovala zolandira, kolona ali m'khosi. Zina zonse, nyumba, mbuzi, bwato, ngakhalenso akazi awo a Teresa, madzi a namondwe wa Freddy anali atazikokolola kwawo ku Makhanga. Mwana wawo Jonas ndiye anakawatenga ku kampu ya anthu othawa madzi n'kubwera nawo m'kanyumba kake ka lendi kuseri kwa msika, kachipinda kamodzi ndi pabalaza. Jonasyo sanakhalitse. Ankathandizira dalaivala wa thiraki yopita ku Beira, ndipo akachoka ankatha masabata osaoneka. Motero bambowo anatsala m'manja mwa mkazi wa Jonas, Madalo.

Madalo anali mwana wa m'tauni weniweni. Anabadwira ku Chemusa, anakulira ku Chemusa, ndipo kumudzi ankangokumva m'kamwa mwa anzake. Apongozi akewo anali atawaonapo kamodzi kokha, pa tsiku la ukwati kutchalitchi, ndipo tsiku limenelo munthu saona nkhope za anthu. Bambo ake omubala anamwalira iye asanayambe sukulu, choncho a Ignasio anawalandira ndi manja awiri. Anawayalira pabalaza, anawapatsa bulangete labwino la m'nyumbamo, ndipo mandasi oyamba kuphulidwa m'mawa uliwonse, asanayambe kugulitsa pakhomo, anali awo.

Vuto linali limodzi. Apongoziwo sankadya.

Madalo akawaikira chakudya pa kampando, ankasamba m'manja bwinobwino, n'kuchita chizindikiro cha mtanda, kenako n'kuika manja pa maondo. "Zikomo Mayi, ndidya," ankatero, maso ali kukhoma. Chakudyacho chinkazizira iwo ali chikhalire. Madalo akafuna kupita kokatunga madzi ankayamba wachotsa mbale, poopa ntchentche ndi nkhuku za aneba, ndipo munthu wamkulu ngati a Ignasio sakanavundukula mapoto a mpongozi wake mwiniwake kulibe. Chimene chinkawasunga ndi kapu ya tiyi ndi ndasi limodzi, zimene ankapita nazo kuseri kwa nyumba, ati kukaothera dzuwa.

Madalo anapita nawo kuchipatala. Anawayeza magazi, anawayeza chifuwa, matenda sanapezeke. Nesi wina wachifundo anati amenewo ndi maganizo, munthu amene wataya mkazi ndi mudzi tsiku limodzi njala samayimva. Anamulangiza Madalo kuti asamawasiye okha pa nthawi ya chakudya, azikhala nawo pafupi, aziwanyengerera. Uphungu umenewu unagwera munthu wosadziwa kuchita zinthu mwatheka. Madalo anasuntha mbaula yake n'kuiika pafupi ndi mpando wa apongozi. Nthawi ya nkhomaliro ankakhala patsogolo pawo penipeni, kuwayang'ana m'maso, kuwachotsera minga m'nsomba. Tsiku lina anafika potapa phala pa supuni n'kuwalozetsa kukamwa. Bambowo anatuluka thukuta mu Juni, n'kupempha kuti akaone kuseri.

Kenako Jonas anabwera. Amuna awiriwo anadyera pakhonde, Madalo ali m'nyumba kuchapa zovala za pa ulendo, ndipo mbale zinabwerera zoyera ngati zotsuka. Jonas anaseka nkhawa za mkazi wake, nati bambo akudya kuposa iye. Mawu amenewa anamubaya Madalo. Mphika ndi womwewo, dzanja ndi lomwelo, mchere ndi womwewo. Ndiye kuti chowawa m'chakudyamo ndi iyeyo. Jonas atanyamukanso mbale zinayambiranso kubwerera zodzaza.

Pofika mu Julayi, chiperoni chitagwira phiri la Bangwe, a Ignasio anali ataboola lamba wawo mabowo ena atsopano, ndipo poyenda ankagwira khoma. Amayi ogula mandasi ankawayang'ana, kenako n'kuyang'ana Madalo. Iye miseche sankaiopa kwenikweni. Chimene chinkamusowetsa mtendere n'chakuti munthu amene anapulumuka madzi aja, atakakamira mumtengo, afere m'manja mwake ndi njala, m'nyumba yonunkhira mandasi.

Bambowo sankalankhula zambiri, koma funso limodzi ankalibwereza. Ankafuna kudziwa kuti kwawo kuli mbali iti, poti mapiri a kuno anawatseka maso. Zokafika ku Makhanga sizikanatheka. Njira inali yoduka, m'thumba munali mopepuka, ndiponso kumeneko kunalibe khomo loti n'kugogodapo. Koma kasitomala wina anamuuza Madalo kuti pa msewu wa ku Chikwawa, pamene msewu umayamba kutsika phiri, chigwa chonse cha Shire chimaoneka. Loweruka lotsatira Madalo sanakazinge mandasi. Anatapa pa mpamba, anaphika chigumu cha nthochi, anawiritsa mazira, anawotcha mlamba wouma, n'kulongedza zonsezo m'kadengu. M'mawa umenewo anawapatsako chigumucho chili chotentha, iwo anathokoza monga mwa nthawi zonse osachikhudza.

Ulendo wokhawo unayamba kuwatsitsimula. Chifikireni ku Bangwe anali asanapitirirepo pa msika. Ku Limbe anyamata oitanira anawalimbirana, uyu kuwakoka dzanja, uyu kuwatchula madala, uyu bwana, ndipo a Ignasio anati chibadwire sanafunidwepo chonchi. Anaona munthu atanyamula bedi lathunthu pa njinga yamoto, ndipo anapotoza khosi kulitsatira mpaka linakhota. Pa Chichiri anafunsa ngati anthu onse a m'magalimotowo ali ndi kopita. Madalo anamva kuseka kwawo koyamba, kaphokoso kakang'ono ka m'mphuno, ndipo anakasunga mumtima.

M'tauni anakwera minibasi ya ku Chikwawa. Kondakitala ataona imvi anawaika bambowo kutsogolo pafupi ndi dalaivala, Madalo n'kumukankhira kumpando wakumbuyo. Kumeneko anapanikizana ndi mayi wina wathupi, a Magdalena, amene ankabwerera ku Nchalo atagulitsa masau mumsika, madengu opanda kanthu atawasanjikiza pa miyendo. Galimoto isanafike patali, mphuno ya mayiwo inali itagwira kale ntchito.

"Achemwali, m'kadengu kanuko muli mlandu," anatero. "Anthu tonsefe tivutike ndi fungo mpaka ku Thabwa?"

Madalo anaseka n'kuwanyemera chigumu. A Magdalena analuma, anagwedeza mutu, kenako anatenga chibenthu china chachikulu n'kuuza amene anali patsogolo pawo kuti chipite kwa madala akutsogolowo. Madalo asananene kuti bambowo sadya, chigumu chinali chitadutsa m'manja anayi. A Ignasio anachilandira osacheuka.

Madalo ankangoona nkhongo yawo ndi makutu. Makutuwo anayamba kugwedera. Bambowo ankatafuna. Anatafuna mwachangu, mutu utawerama, ndipo atamaliza anatola nyenyeswa pa thalauza n'kuziponya m'kamwa. A Magdalena anatumiza masau odzaza dzanja amene anatsala pansi pa dengu, nawonso anatha, njere zikutulukira pawindo.

Chimwemwe ndi chisoni zinamufikira Madalo nthawi imodzi, ndipo misozi inangotsika. A Magdalena atafunsa chavuta n'chiyani, iye anakhuthula zonse, za madzi, za nesi, za mbale zimene zimayera Jonas akakhalapo. Anati tsopano waona yekha kuti chakudya chake amadya ndithu, bola chidzere m'manja mwa anthu ena.

"Dikirani kaye. Amenewo ndi bambo anu okubalani?"

"Ayi, ndi apongozi."

"A kuti?"

"A ku Makhanga."

"Ndiye akamadya inu mumakhala pati?"

"Pomwepo. Ndimawayang'anira."

A Magdalena anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, mpaka madengu anatsala pang'ono kugwa. Atapezako mpweya anatsitsa mawu kuti kutsogolo kusamveke. Anati kwawo kuchigwa, m'mabanja amene akusungabe za makolo, bambo wamkulu satafuna mkazi wa mwana wake akumuona. Si chidani, ndi ulemu, ndipo ulemu wake ndi waukulu kuposa njala. Mpongozi amatula mbale, amagwada, n'kuzimiririka. Zimenezi zimatha pokhapokha amayi a mwamuna atakonza tsiku, kupha nkhuku, n'kumulowetsa mpongoziyo pa mbale ya banja. Madalo atafunsa chifukwa chimene bambowo sananenere, mayiwo anati mwamuna wa msinkhu umenewo angalole kukomoka kusiyana n'kuuza mpongozi wake kuti choka pano ndidye. Za Jonas anati ana okhalitsa m'tauni ndi otero, amadziwa mitengo ya matayala koma za kwawo ayi.

"Safunsa anadya phula," anatero a Magdalena akumupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje chawo. "Koma inu simunalakwe, mwanawe. Mwangowakonda moyang'anitsitsa."

Madalo anakumbukira supuni ya phala ija ndipo anafuna kulowa pansi pa mpando. Manyaziwo atadutsa, mtima wake unapepuka kwa nthawi yoyamba chiyambire chisanu.

Madalo ndi apongozi ake anatsika pamwamba pa phiri, pamene msewu umayamba kukhotakhota. Kondakitala anadabwa kuti anthu akutsikira patchire, koma a Magdalena anamuuza kuti asamale za chenji chake. Mitambo inali itatsalira kumbuyo ku Blantyre. Mphepo yofunda inkakwera kuchokera kumunsi, ndipo a Ignasio anaima n'kuikoka ndi mphuno, chipewa chili m'manja. Madalo anangoona pang'ono chabe, dziko lalikulu lathyathyathya ndi kamzere konyezimira pakati pake. Sanafune kutaya nthawi. Anayala kansalu pa mwala, anaikapo mazira, mlamba ndi chigumu chotsala, anathira madzi m'kapu. Kenako anagwada, n'kunena kuti chakudya chili apo, Bambo. Anadzuka, anazungulira mwalawo, n'kukakhala mbali inayo atafulatira, nkhope italoza kumsewu.

Anthu odutsa pa magalimoto ayenera kuti anadabwa naye, mzimayi wobwera mtunda wonsewo kudzaona chigwa n'kukhala akuyang'ana phula. Iye analibe nazo ntchito. Makutu ake onse anali kumbuyo. Kenako anamva madzi akuthiridwa m'manja. Anamva dzira likugogodedwa pa mwala, makoko akugwa. Anamva mlamba ukuthyoledwa. Sanamvepo nyimbo yokoma chotero ngakhale kukwaya.

Patapita nthawi a Ignasio anayamba kulankhula, chakudya chili m'kamwa, ngati akulankhula ndi mphepo. Anati poti Mayi sakuona, awauze okha zimene zili kutsogoloku. Chonyezimiracho ndi Shire, ndipo lero wagona ngati si iye. Kobiriwira uko ndi minda ya nzimbe. Kumanzere, kutsatira mapiri mpaka pamene maso akulephera, ndiye njira ya kwawo. Makhanga saoneka, ali kuseri kwa nthunzi, koma alipo. Anafotokoza za mbatata ya kudimba imene imakula ngati mutu wa mwana, za kutentha kwa mu Okutobala kumene anthu amagona panja, za mmene a Teresa ankapalasira bwato kuposa amuna, ndi mmene ankawanyozera iwo kuti amaopa mvuu. Apa anaseka, kenako kusekako kunasanduka china, ndipo Madalo anawasiya mpaka anamaliza.

"Nkhuku yanu inalipo," anatero bambowo mawu atabwerera. "Yathadzi, yamawangamawanga. Amayi anu a Teresa ankaisunga kuti mukadzabwera pa Pasaka adzakulowetseni pa mbale. Anali atauza kale mudzi wonse."

Madalo analuma nsonga ya chitenje. Mayi amene anamuona kamodzi kokha anali akumudyetsera nkhuku chaka chonse, iye osadziwa.

"Akanakhalapo akanakuuzani tsiku loyamba lomwe. Ine pakamwa panandilemera. Mundikhululukire, ndakuvutitsani."

"Palibe cholakwa, Bambo. Idyani."

"Ndikudya. Chigumuchi n'chabwino, koma nthochi mukanawonjezera."

Madalo anaseka misozi ili m'masaya. Miyezi yonseyi ankalakalaka kuyamikiridwa, ndipo lero anapeza kuti kudandaulidwa n'kokoma kuposa. Analonjeza kuti ulendo wina nthochi zidzachuluka. Mumtima anali atayamba kale kukonza za kunyumba, kuti mbaula ibwerere panja, ndi kuti chinsalu chotchinga khomo la kuchipinda chikhoza kutchinganso pabalaza nthawi ya chakudya.

Anamva bambowo akusuntha pa mwala, kuyandikira, mpaka msana wawo unatsala pang'ono kukhudza wake.

"Mayi, musacheuke. Bweretsani dzanja kumbuyo kuno."

Madalo anatambasulira dzanja kumbuyo. Anamva zala zouma zikuikamo kanthu kofunda ndi dzuwa, n'kumupinditsa zala zake pamwamba pake. Atabweza dzanjalo anapeza dzira losenda bwino ndi mnofu wa pamsana pa mlamba, minga yonse itachotsedwa.

"Ine ndinkayang'ana kukhoma, koma maso ndili nawo," anatero a Ignasio. "Mbale yanga ikabwerera yodzaza, yanunso simunkaikhudza. Idyani, mwana wanga. Mwaonda."