Makomo Awiri a M'kapamba

Pa positi ofesi ina yaing'ono kumwera kwa Mzimba, m'chaka cha 1988, panali ketulo yomwe sinkaphika tiyi. Matthews, mkulu wa pamenepo wochokera ku Dedza, ankamatulira makalata a eni ake ndi nthunzi ya ketuloyo. Anthu ena ovala masuti anamupatsa mayina asanu ndi limodzi oti aziwayang'anira, ndipo masiku amenewo kukana kunali kudziputira tsoka. Mwiniwake ankayesa kuti palibe akudziwa. Koma abale, pa tauni ya masitolo khumi ungabise chiyani?

Chomwe chinkamudya mtima chinali mkazi wake, Philomena. Mayiyo ankangotha thupi. Madzi ankamwa ngati ng'ombe, kuchimbudzi osati kupitako kwake, mankhwala a malungo anamwa kawiri konse koma ayi ndithu. Matthews anatsimikiza kuti anthu akumeneko amulodzera mkazi. Analetsa kulandira kanthu kwa anansi, ngakhale dzungu, ndipo womupatsa moni ankamuyang'ana m'manja.

Lachitatu lina m'mawa munabwera kalata ya ku Ulaya. Inali ya a Chikomeni, aphunzitsi aakulu a pasukulu yapafupi, mmodzi mwa asanu ndi mmodzi aja. Wolemba anali mwana wawo Cosmas, wophunzira udokotala. Atamatula, Matthews anapeza chojambula: bwalo lozungulira, makomo awiri, mivi yolowa ndi yotuluka, zilembo K ndi Ca. Mapu a chiyani amenewa? Akaipereka kwa a masuti, nkhalambayo itengedwa lisanathe sabata. Akaibisa, wotengedwa akhala iyeyo.

Anakhala pansi n'kuwerenga.

"Adada, bwaloli ndi selo limodzi la m'kapamba. Munthu akadya, shuga amalowa m'selomu n'kupsa. Mphamvu yake imatseka khomo loyamba, lotulukira potaziyamu. Likatsekeka ilo, lachiwiri limatseguka, kashiamu amalowa, ndipo timatumba ta insulini timakhuthukira m'magazi. Insuliniyo ndiye amalowetsa shuga m'minofu. Uthengawu ukaduka penapake, shuga amangodzaza m'magazi, munthu n'kumafa ndi njala akudya. Amamva ludzu losatha, amakodza pafupipafupi, amawonda, ndipo pomwe wakodza pamadzaza nyerere. Wotero apite kuchipatala chachikulu akamuyeze shuga, asadikire mawa."

Nyerere! Matthews anaziona dzulo lomwelo kuseri kwa bafa, n'kuzithira phulusa poyesa kuti ndi zotumidwa. Koma munthu wozolowera kukayika sasiya msanga. Nanga ukakhala msampha, wofuna kuona ngati amatsegula makalata? Akangotchula za shuga kwa aliyense ndiye kuti wadziulula yekha. Anamata envelopu, anaizunguza pa kauntala mpaka dzuwa kufika pamutu, kenaka anakwera njinga, mantha ali tho.

Anawapeza a Chikomeni pakhonde la sukulu akufufuta choko m'manja.

"Yewo, a positi. Lero mwabweretsa nokha?"

"Ndimadutsa chabe," ananama Matthews. "Kodi aphunzitsi, m'thupimu muli bwanji masiku ano?"

Nkhalambayo inatembenuza envelopu, n'kupapasa ndi chala pomwe guluu anali asanaume. Sinaitsegule n'komwe.

"Ine ndili bwino chomene. Shuga ndilibe, ngati ndi zomwe mukufunsa. Simunadabwe kuti mwana wanga, amene amandilembera Chitumbuka chokhachokha, ulendo uno walemba Chichewa?"

Matthews anayang'ana envelopu ija, ndipo a Chikomeni anapitiriza.

"Akazi anga amakhala benchi imodzi ndi amayi akunyumba kwanu kutchalitchi. Anabwera akulira kuti mnzawo akutha. Tikanakuuzani pamaso, mukanati tikufuna kumaliza zomwe tinayamba. Mbwenu ndinatumiza mawu kwa Cosmas kudzera kwa munthu wa paulendo, kuti alembe zomveka kwa mlendo."

Manyazi anamugwira Matthews. Analakalaka akanamutukwana, zikanapepuka.

"Aphunzitsi," anatero motsitsa mawu, akuyang'ana uku ndi uku, "dzina lanu lili pa pepala lawo."

"Likanapanda kukhalapo mukanaiwerenga kalatayi?" anayankha a Chikomeni. "Basi yopita ku boma imadutsa pano pa Jenda thu koloko. Katengeni amayi, ndapota, nthawi yatha."

Matthews anatsika pakhondepo. Anapalasa njinga akulira ngati mwana, osapita n'komwe kukakiya positi ofesi.