Mlonda wa Pachipata cha Maloto

Wojambula wina anali ndi vuto limodzi: sankatha kupeka nkhope. Mapiri oyandama m'mwamba, mitsinje yoyenda chokwera, nsomba zonyamula maambulera, zonsezo zinkangotuluka zokha m'pensulo. Koma ikafika nkhope, ankaba ya munthu womudziwa. M'buku lake la nthano yazithunzi, mfumu ya Dziko la Maloto inali ndi dazi la wometa tsitsi wa pakona, mwezi unali ndi masaya a mlongo wake.

Tsamba lomaliza linali pathebulo. Mtsikana wa m'nthanoyo anafika pachipata chotulukira m'maloto, n'kupeza mlonda: chilombo cha manja asanu ndi limodzi, mchira wa buluzi, makiyi m'khosi.

Mkazi wa wojambulayo anasuzumira ali ndi kapu ya tiyi m'manja.

"Awa ndi amayi."

"Ndi chilombo."

"Chilombo chovala magalasi a amayi anga? Tamverani bambo, akubwera m'mawa uno. Akakhumudwa, buku limeneli silituluka m'nyumba muno."

Osindikiza anali atamuuza kuti afike nalo isanakwane 12 koloko, apo ayi makina apita ku ntchito ina. Miyezi isanu ndi itatu anali atawerama pathebulopo. Kufufuta sikukanatheka, inki inali itauma kale. Anangovundikira tsambalo ndi nyuzipepala.

Apongozi ake sankapirira kuona chinthu chili pamalo olakwika. Atangofika n'kupatsana moni, asanakhale n'komwe, ananyamula nyuzipepala ija kuti aipinde. Anaima. Anakankhira magalasi m'mwamba n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono, chala chikuyenda bokosi ndi bokosi. Wojambula anayang'ana kudenga.

"Manja asanu ndi limodzi," anatero apongozi. "Akanandithandiza nthawi imene ndinkalera mkazi wanuyu."

"Si inu amenewo, Amayi."

"Mkamwini, ndimadziona pagalasi tsiku lililonse. Ngakhale kachipsera ka pachibwano mwaikapo." Chala chinatsikira pabokosi lomaliza. "Koma apa mwandinyoza."

Mkazi wake anamuponyera diso. Wojambula anafulumira kuyankha.

"Mchira ndikhoza kuchotsa."

"Mchira usiyeni, ukundikhala. Ndikunena mwanayu. Wangoti 'chonde ndidutse', ine n'kutsegula? Ine? Taonani mapazi akewo. Wadutsa kuti?"

"M'dambo la mitambo."

"Ndiye adzuke ndi matope amenewa m'mabulangete a mayi ake? Achape ndani?"

Wojambula anayang'ana mapazi aja. Anawapaka yekha matopewo, masamba atatu athunthu, kenako n'kuwaiwala. Sabata yonse mathero a nthanoyo ankamuvuta mumtima osadziwa chifukwa. Mtsikana anapulumuka ku akadzidzi a mitu iwiri, anawoloka mlatho wa tsitsi, koma pomaliza anangodutsa ngati akutuluka m'sitolo.

Anakoka pepala latsopano.

Apongozi anakoka mpando n'kukhala pambali pake, chikwama chili pamwendo. Papepalapo, dzanja loyamba la mlonda linagwira beseni. Lachiwiri sopo. Lachitatu thaulo.

"Lachinayi?" anafunsa iye.

"Burashi. Matope a m'zikhadabo satuluka ndi madzi okha. Lachisanu ligwire khutu lake, angathawe."

"Lotsalalo?"

"Makiyi. Atsegule akaona kuti kwayera. Ndipo musamujambule akumwetulira kwambiri, mwana angazolowere."

Pensulo inathamanga, inki inatsatira. Itakwana hafu pasiti leveni, mtsikana uja anali atadzuka pabedi lake, akudabwa chifukwa chake mapazi akununkhira sopo. Wojambula anauzira tsambalo kangapo, analiika pamwamba pa anzake, n'kuima pakhomo akuyang'ana mkazi wake.

"Amayi, ndiye simunakwiye?" anafunsa mkaziyo.

"Ndikwiya akachedwa nalo. Mukudikira chiyani, mkamwini? Thamangani."

Anatuluka atavala nsapato imodzi yake, ina ya mkazi wake.